Atate Ayambanso Kupukusa Lamya

Mudzi wa Chikoti,
Nsaru, Lilongwe,
Nyasaland.
6 Okutobala, 1957.

Okondedwa alongo anga a Bizwell,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Halale, inu pamodzi ndi alamu anga a Beatrice ndi mwana Davie. Ngati nonse mukudzuka bwino, ife tikuthokoza Mulungu. Kuno amayi alipo, kungoti msana ukuwavuta akawerama nthawi yaitali. Amuna anga a Laison ali bwino. Anesi wathu wayamba kuyankhula kwambiri, moti pakhomo pano palibenso chinsinsi.

Za atate ndiye zandikhazika pansi lero, ndipo kalatayi italika. Musachite mantha, ali moyo. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, akuyang'ana nkhuku.

Kalata yanga ya mwezi wa Malichi ndikudziwa kuti munailandira, poti bulangete limene munatumiza linafika ndipo ndi lomwe akufunda. M'menemo ndinakuuzani kuti atate anagwa m'munda wa fodya, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Nthawi imeneyo tinkayesa kuti pakamwa patseguka pakapita masiku. Sipanatseguke. Amamva zonse, maso awo ndi omwe aja, koma mawu onse anathawa, kunangotsala amodzi okha akuti basi.

Akafuna madzi amati basi. Akamva kuwawa amati basi. Mlendo akawapatsa moni amayankha kuti basi, mlendoyo n'kuchita manyazi. Masiku oyamba amayi ankawachotsera mbale poyesa kuti akhuta, pamene iwo akupempha kuti awonjezeredwe. Tangoganizani, alongo, munthu uja ankati akayamba kufotokoza chinthu ndiwo zinkachita kuzizira m'mbale.

M'mwezi wa Juni kunazizira kwambiri. Tsiku lina m'mawa tinawasiya m'nyumba pafupi ndi moto, ife tonse tinapita kukazula mtedza wotsala. Zikuoneka kuti anafuna kutenga chikho chimene chinali patali pang'ono, ndiye anapendekeka n'kugwa, mwendo wakufa uja n'kukhala pa makala. Mwendowo sumva kanthu. Iwo anazindikira ndi fungo. Anakuwa ndithu, koma ndani angathamangire munthu amene akukuwa kuti basi?

Mwayi wake a Laison anabwerera kudzatenga thumba, ndiwo anawapeza. Tinawanyamula pa ngolo ya atsibweni a Goliati kupita nawo kuchipatala cha mishoni, ndipo anakhalako mpaka mwezi wotsatira. Bala linapola, latsala chipsera chachikulu pa katumba. Potuluka, asisitere anatiuza zinthu ziwiri. Anati munthuyu asamasiyidwe yekha. Anatinso matenda amenewa nthawi zina amabwera kachiwiri, ndipo akabwera kachiwiri sachedwa.

Kusamusiya yekha munthu n'kosavuta kunena. Inu mukudziwa kuti chilimwe chino tikudya za kudimba, ndipo dimba likapanda kuthiriridwa limapsa. Amayi anayesa kukhala pakhomo, koma atate ankakwiya akawaona atangokhala, ankawaloza njira ya kudambo ndi ndodo. Tinawapatsa chitini ndi kamtengo kuti aziimba akafuna munthu. Pakhomo chimamveka, koma kudimba n'kutali, ndipo mphepo ya mwezi wa Ogasiti inkangochimeza.

Mwezi wathawu a Laison anasasula denga la kanyumba kanu kakale kuti afolerenso. Pamwamba pa khoma, kuseri kwa mitanda, anapeza bokosi lokulungidwa m'chiguduli. Anandiitana kuti ndione ngati ndi chinthu chotaya. Nditangoona chopukusira chake chija, ndinakhala pansi pa udzu womwewo.

Ndi lamya ya atate ija, alongo.

Kodi mukukumbukira tsiku limene inafika? Atate anali atabwerako ku usilikali wa Keyala, kumene ankagwira ntchito ya mawaya ndi mauthenga pa nthawi ya nkhondo, ndipo anali atalembedwa pa esiteti ina kufupi ndi Namitete kuti azisamalira lamya yochokera kunyumba kwa mzungu kupita kuzigafa za fodya. Mzunguyo atagula yatsopano, atate anapempha yakaleyo. Anafika nayo Loweruka itamangidwa pa njinga, belu lake lili m'thumba la jekete. Amayi ankayembekeza mchere ndi nsalu. Sanawayankhule mpaka m'mawa.

Ine ndinali wamng'ono, koma masiku a Sabata aja pansi pa mtengo wa mango ndikuwaona ngati dzulo. Atate anamasula bokosilo n'kutulutsa maginito atatu opindika ngati goli. Anakuuzani inu kuti mupale khasu lakale ndi tupa, ine ndizitolera fumbi lachitsulo. Kenako anaika pepala pamwamba pa maginito amodzi n'kuwaza fumbilo, n'kugogoda pepalalo ndi chala. Fumbi lija linadzuka lokha n'kufola mizere yokhotakhota kuchokera mwendo wina kupita mwendo wina. Ine ndinathawa kukabisala kumbuyo kwa amayi.

Atate anati ndisaope, si mankhwala. Anati maginito aliwonse ali ndi munda wakewake wa mizere yosaoneka, ndipo fumbilo langoisonyeza pamene ili. Mizereyo ilipo usana ndi usiku, kaya munthu akuiona kaya ayi.

Sabata linzake ndi lija la kampasi yawo ya kunkhondo, yosonyeza kumpoto ija. Anakulunga waya mozungulira kampasiyo, ndipo mbali ina ya wayayo ndinakulunga ndine pa kansungwi, poti anati zala zanga zinali zazing'ono, sizisiya mipata. Atalowetsa mwendo wa maginito m'nsungwimo, kasingano ka kampasi kanadumpha. Atausiya m'katimo osaugwedeza, kasingano kanabwerera pamalo pake n'kugona. Atausolola, kanadumphira mbali inayo.

Inu munakana. Munati maginito akadali m'kati, nanga singano yagoneranji? Munalanda maginitowo n'kuyesa nokha, mobwerezabwereza, mpaka mbuzi zinalowa m'munda wa chinangwa wa eni ake. Atate ankangoseka. Anati waya sulabadira kuti mizere ilipo, umalabadira pamene mizere yodutsa m'kati mwake ikuchuluka kapena ikuchepa. Zikangokhala chete, magetsi palibe. Mutawamva, munayamba kusolola mofulumira, singano n'kumadumpha kwambiri. Kenako munandituma kuti ndiwonjezere waya pa nsungwi, ndipo inadumpha koposa. Tsiku limenelo munadya mutaimirira.

Pambuyo pake anatisonyeza kuti m'bokosimo muli zomwezo, kungoti m'menemo maginito ndiwo amakhala chete, waya wokulungidwa ndiwo umazungulira pakati pa miyendo yawo munthu akamapukusa. Ndi chifukwa chake lamya ija inkaliza belu popanda batire.

Ndipo mukukumbukira atsibweni a Goliati? Ana a m'mudzi muno tinkagwirana manja mozungulira, awiri akumapeto n'kugwira tizitsulo ta bokosi, atate n'kupukusa pang'ono, tonse n'kukuwa. Atsibweni anabwera n'kunena kuti zimenezo n'zoopseza ana, iwo anagwirapo ng'ombe yolusa ndi manja. Ananyowetsa zala monga anawauzira atate. Atate anapukusa ndi mphamvu zawo zonse. Mpaka lero atsibweni amati sanadumphe, anangoponda munga.

Chaka chimenecho ndi chomwe inu ndi atate munayendetsa waya pa mitengo kuchokera pakhomo mpaka kudimba, mukuumangirira pa makosi a mabotolo osweka, belu n'kulipachika pa mkuyu. Anthu ankachokera ku Kabudula kudzaona. Amayi, amene anaida lamya ija tsiku loyamba, ndiwo anayamba kuigwiritsa ntchito kuposa aliyense.

Ndikudziwa kuti ntchito imene mukugwira kumeneko, yokulunga mawaya a mainjini, inayambira pa kansungwi kaja. Atate ankanena zimenezi kwa aliyense wodutsa, zaka zoyamba mutapita. Ankati mwana wawo akugwira ntchito imene ngakhale azungu ena saidziwa.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, koma ndizinene monga ndinazionera ine. Kalata yanu yonena kuti mwakwatira mkazi wachizezuru popanda ankhoswe a kuno itafika, atate anakhala tsiku lonse osadya. Chithunzi cha ukwati chimene munaikamo anachibweza m'envulopu atangochiona kamodzi, n'kuuza amayi kuti achichotse pamaso pawo. Ananena pagulu kuti mwana wawo wachona, asawerengedwenso. A Joseph a kwa Mpingu pobwerera kuntchito anakufikitsirani mawu amenewo, mwina anawonjezeranso awo. Kuyambira pamenepo makalata anu akhala olembera amayi ndi ine, ndipo tchuthi chanu chimathera komweko.

Waya wa kudimba anthu anayamba kuudula pang'onopang'ono kukatchera misampha. Atate sanalondole. Tsiku lina bokosi linangosowa pakhonde, ndipo palibe anafunsa.

Ndiye nditalipeza, ndinauza a Laison kuti ngati lingalirenso, atate angathe kupukusa ndi dzanja lamanzere, ife n'kumva tili kudimba. Iwo sanakulire m'mudzi muno, lamyayi sanaionepo ikugwira ntchito, koma anavomera kuti tiyese. Tinagwirizana kuti tikonze mobisa, kuseri kwa nkhokwe, kuti tikalephera atate asakhumudwe.

Titatsegula tinapeza mavu atamangamo, belu la pa mkuyu lija lili momwemo, koma maginito analimo amodzi okha. Ndinafunsa amayi. Anapita m'nyumba n'kutulutsa achiwiri m'dengu lawo losokera, atadzaza masingano. Anati anawatenga kalekale poona kuti akungokhala. Achitatu tinawapeza kwa atsibweni, akutsekera chitseko cha khola la nkhunda.

A Laison anapala dzimbiri, anathira mafuta a njinga m'mano a mawilo, chopukusira n'kuyamba kuzungulira bwinobwino. Waya wa m'kati unali utaduka malo amodzi, ndinaulumikiza ndine n'kuukulunga ndi ulusi. Pobwezera maginito, a Laison anawaika monga amafunira okha. Mukudziwa kuti ukawayandikizitsa mbali ina amakokana n'kumamatirana, ukawatembenuza amakankhana. Iwo anawaika momamatirana, ndipo ine ndinaona kuti n'zoona, poti zinalowa mosavuta.

Tinapukusa. Ndinagwira tizitsulo tija ndi zala zonyowa, osamva kanthu. Ndinaika lilime, ndinangomva kunyerenyetsa pang'ono ngati nyerere. Belu silinagwedezeke n'komwe. Tinayesa masiku angapo, tikabwerako kudimba. A Laison anati mwina maginitowo anakalamba, mphamvu inatha. Ine ndinaganiza zokulemberani kuti mutiuze chochita, koma kalata kupita ndi kubwera ndi mwezi wathunthu.

Amayi ndiwo anati tikuvutikiranji pamene mwini wake ali pakhonde.

Ndinalinyamula ndekha n'kukaliika pa mphasa patsogolo pawo. Alongo, nkhope ya atate inasintha. Anayang'ana bokosilo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. Ndinawafotokozera chimene tikufuna. Sananene basi. Analikoka ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kulisisita ngati mwana wa mbuzi, kenako anapukusa pang'ono, akumvetsera ndi dzanja. Anasiya. Anakankha maginito apakati ndi chala chachikulu mpaka anatuluka.

Tinayesa kuti akukana zonse. A Laison anatola maginitowo n'kuwabwezera momwe analili. Atate anawatulutsanso. A Laison anabwezeranso, mwaulemu ndithu, akuwauza kuti malo ake ndi omwewo. Apo atate anatola chikho n'kuchiponya pabwalo, akukuwa kuti basi, basi, misozi ili m'maso chifukwa cha ukali. Anesi anayamba kulira.

Atapuma, anayamba kukhukhuza chala pa mwendo wa mpando, uku akundiyang'ana. Anakhukhuza, n'kuloza khasu limene linali pakhoma. Ndinakhala ngati ndadzidzimuka kutulo. Ndinathamanga kukatenga tupa, ndinapala khasulo, ndinang'amba pepala m'buku la nyimbo limene linatha kale. Tinachotsa chozungulira chija, tinagoneka pepala pa miyendo ya maginito monga anawaikira a Laison, ndipo ndinawaza fumbi.

Mizere inatuluka, koma yambiri inali yaifupi. Inkangodumpha kuchoka pa mwendo uwu kupita pa mwendo woyandikana nawo, maginito kumangopatsirana okhaokha. Pakati, pamene waya umazungulira, panali pafupifupi poyera. Atate anagogoda pamalo poyerapo ndi chikhadabo, n'kundiyang'ana monga ankachitira ndikalakwitsa samu.

Ndinatembenuza maginito apakati aja. Anakana kulowa, ankakankha anzawo, mpaka a Laison anachita kuwapanikiza ndi manja awiri ine ndikumanga. Titawazanso fumbi, mizere yonse inawoloka pakati, yothithikana, kuchokera mbali ina kupita mbali ina. Tinabwezera chozungulira. A Laison ananyowetsa zala n'kugwira tizitsulo, akunena kuti saona kusiyana kwake. Atate anapukusa.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindingawalembe m'kalata. Atate anaseka. Anaseka ndi theka la pakamwa, thupi lonse likugwedezeka, mpaka anatsamwa. Kuyambira tsiku limene anagwa m'munda tinali tisanamve kuseka kwawo. Amayi analowa m'nyumba msangamsanga, ati akukaona madzi pamoto, pamene pamoto panalibe kanthu.

Waya tinaupeza kwa kapitawo wa pa esiteti, wa mpanda wakale umene anazula. Mabotolo osweka atsibweni anali nawo okwanira, musandifunse chifukwa chake. A Laison anayendetsa wayawo pa mitengo yomwe ija, ndipo pa mkuyu anapeza msomali wanu ukadalipo, khungwa litaumeza theka. Poyesa koyamba belu linangonong'ona. Atate analoza mtsuko, ine n'kuwapatsa madzi kuti amwe, iwo n'kuwakhuthulira pa chitsulo chimene tinakhomera pansi cholumikiza waya wachiwiri. Ndinali nditaiwala kuti nthaka youma siyendetsa magetsi. Tsopano Anesi akadzuka amathirira chitsulocho ngati mbewu.

Bokosi tinalikhomera pa kampando, kumanzere kwa mphasa yawo. Sabata yoyamba sitinathirire bwino dimba. Ankaliza akafuna madzi, ankaliza nkhuku ikalowa m'nyumba, ankaliza kuti aone ngati tibweradi. Amayi ankabwera akudandaula njira yonse, koma ndinaona kuti m'mawa ankawapukutira chopukusiracho ndi nsalu yawo. Kenako zinakhazikika. Atate anayamba kudya bwino, ndipo ife tinayamba kugwira ntchito mtima uli m'malo.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, ine ndi amayi tikuthirira mpiru, belu linalira. Linalira kotalika, n'kudukiza, n'kulira kawiri mwachidule. Ndinatula ndowa kuti ndizipita. Linaliranso chimodzimodzi. Nditacheuka ndinaona amayi ataima pakati pa bedi la mpiru, madzi akutayikira pa mapazi awo.

Anati, “Ameneyo sakuitana ife.”

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira. Kale lija aliyense anali ndi kaliridwe kake, kuti tisamathamange tonse. Amayi kanali kamodzi kotalika. Ine tiwiri tatifupi. Kotalika kotsatana ndi tiwiri tatifupi kanali kanu. Inu munkati mukakamva muli kudambo munkasiya mbuzi ndi ine n'kuliyatsa liwiro, poti nthawi zambiri kankatanthauza kuti atate abwera ndi chinthu chatsopano choti mumasule. Ine ndinkatsala ndikulira ndi mbuzizo.

Nditaganiza bwino ndinazindikira kuti masiku onsewa atate ankatiitana ndi kaliridwe kathu kakale, amayi kawo, ine kanga, koma ine sindinkasamala, ndinkangothamanga ndikamva belu.

Ndinapita ndine. Ndinawapeza ali bwinobwino, madzi ali pafupi, palibe chosowa. Anandiyang'ana, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga, kunjira yochokera kumsewu. Ndinawafunsa ngati akufuna kanthu. Anati basi, motsitsa, n'kuchotsa dzanja pa chopukusira.

Kuyambira tsiku limenelo akuchita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, makamaka akamva lole ya ku Lilongwe ikudutsa kumsewu. Mutu wawo uli bwino, alongo, musaganize kuti asokonezeka. Akudziwa kuti muli ku Halale ndipo waya wathu umathera pa mkuyu. Amayi amati tisamapiteko likalira lotero, tingowachititsa manyazi. Koma ine sinditha kupitiriza kuthirira. Ndimapita, ndimakakhala nawo pang'ono, n'kubwerera.

Sabata lathali nditachoka kutchalitchi ndinalimba mtima. Amayi anali atatsikira kudimba kukathyola ndiwo, a Laison anali kwa atsibweni. Ndinatenga chithunzi chanu chija m'dengu la amayi, pamodzi ndi chinzake chimene munatumiza Davie atabadwa, chimene atate anali asanachionepo. Ndinakhala pambali pawo n'kuwaika zonse ziwiri pa bondo. Ndinkakumbukira chikho chija.

Anatenga cha mwanayo n'kuchiyandikizitsa kumaso. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira khutu lawo, n'kuloza khutu la mwanayo. Ndi zoona, Davie watenga makutu a atate, otambalala aja. Anatenganso cha ukwati, ndipo ulendo uno sanayang'ane inu, anayang'ana alamu.

Ndinawafunsa kuti, “Atate, ndiwalembere abwere?”



Ndinati, “Koma sangabwere okha. Ali ndi mkazi, ali ndi mwana. Ndikalemba, ndilemba kuti abwere onse atatu.”

Pakamwa pawo panagwedezeka, akulimbana ndi mawu. Ndinaona kuti akuopa kuti atuluka omwe aja, ine n'kumva molakwika. Anatseka pakamwa. Anaika zithunzizo bwinobwino pa bulangete, anagwira chopukusira, n'kuyamba kupukusa. Sanadukize. Anapukusa, napukusa, kampando kakugwedezeka, thukuta likutsika pamphumi, maso ali pa ine. Ngakhale pakhomo pano ndinkalimva belulo likulira kudambo.

Posakhalitsa tinaona amayi akubwera chothamanga, mpango uli m'manja, ndiwo atazitaya m'njira, akulira mokweza poyesa kuti atate atisiya. Kumbuyo kwawo kunali akazi awiri a madimba oyandikana nafe, nawonso atayamba kale maliro. Anapeza atate ali tsonga, ali wefuwefu, zithunzi zili pa mwendo.

Amayi anatikalipira tonse awiri mpaka mawu anawathera. Anati tsiku lina tidzawapha ndi mtima, ndipo lamyayo adzaiponya m'chitsime. Kenako anaona zithunzizo. Anakhala pansi pakhonde, anamanga mpango wawo, n'kundiuza kuti ndisadikire mawa, ndikapemphe pepala kwa aphunzitsi. Ndachedwa sabata yathunthu chifukwa ndinkasowa poyambira.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, alongo anga. Bwerani. Sindikunena kuti musiye ntchito, kapena kuti mudzakhale kuno. Pemphani tchuthi, ngakhale chachifupi. Mawu amene ananena atate chaka chija anali owawa, ndipo sindikuuzani kuti muwaiwale. Koma musadikire kuti adzawabweze ndi pakamwa, chifukwa pakamwapo palibenso. Chimene akanatha kuchita achita, ndipo ndachiona ndi maso anga.

Kumbukiraninso zimene ananena asisitere. Ine sindikudziwa ngati atate adzaona fodya wa chaka chino akulowa m'chigafa. Mwina adzakhala zaka zambiri, Mulungu ndiye adziwa. Koma mukabwera mochedwa, ndine amene ndidzakhale nanu pakhonde pano, ndipo sindidzakhala ndi mawu okutonthozani.

Yesetsani kufika mvula isanayambe. Mukudziwa mmene msewu wochokera ku Lilongwe umakhalira ikagwa, malole amagona m'matope. Mukatsika pa Nsaru tumizani mawu ndi aliyense wa njinga, atsibweni abwera ndi ngolo. Kanyumba kanu kafoleredwa, amayi akazira kale pansi, ndipo a Laison akupanga chitseko chatsopano. Anesi nayenso akufunika kuwadziwa atsibweni ake. Panopa amayesa kuti ndinu munthu wa m'chithunzi basi.

Ngati kuntchito kwanu kuli waya wopyapyala wotsala, mutengeko pang'ono. Polumikiza panga paja sindikupakhulupirira, ndipo ndikufuna mudzapaone inu amene mukudziwa.

Alamu a Beatrice muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe pena. Ndikudziwa kuti angaope kubwera kumudzi kumene anakanidwa asanaonedwe, kwa anthu a chilankhulo china. Muwauze kuti amayi anafunsa kale kwa a Joseph, atabwera patchuthi, mmene amaperekera moni kwawoko, ndipo akuyeserera kudimba, ngakhale kuti zimene akunenazo ndikukayika ngati Mzezuru angazimve. Za chilankhulo asade nazo nkhawa. Pakhomo pano chaka chino taphunzira kumvana ndi munthu wa liwu limodzi, ndiye sitingalephere kumvana ndi iwo.

Amayi akuti moni wambiri, ndipo akuti mwanayo mumuveke chipewa m'sitima. A Laison ndi atsibweni a Goliati akupereka moni. Mutiperekere moni kwa a Joseph ndi onse a kwathu kuno amene mumaonana nawo. Atate ndawauza kuti ndikutseka kalata, ndawafunsa ngati ndiikemo moni wawo, ndipo agwedeza mutu. Chala chakuda chimene mukuchiona pansipa ndi chawo, chakumanzere, tachidinda ndi mwaye wa pa nyale.

Mulungu akusungeni nonse atatu, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Loyce.